Hologram ya m'buku lanu ingatheke, koma uthenga wake uzichedwa

Funso: "Bambo, ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale ku Zomba, ndipo ndili mkati molemba buku langa loyamba. Ndi nkhani yopeka ya m'tsogolo. Mtsikana wina wapita kukagwira ntchito ku Mars, kenako wakwera chombo chopita ku nyenyezi ina. Madzulo alionse amayatsa kachipangizo, mayi ake amene ali padziko lapansi amaonekera m'chipinda mwake ngati hologram, n'kumacheza ngati ali limodzi. Nditamuwerengera mlongo wanga amene anaphunzira za magetsi, anandiuza kuti zoterezi sizingachitike ngakhale patapita zaka 1,000. Ndalemba kale mitu 9 ndipo machezawa ndiwo mtima wa buku lonse. Kodi ndifufute zonse? Pali njira yoti chipangizochi chimveke choona?"

Yankho: Aphunzitsi, musang'ambe tsamba ngakhale limodzi. Mitu 9 si ntchito yamasewera, ndipo chimene mwaika pakatikati pa buku lanu, mayi ndi mwana amene atalikirana koma akufunabe kuonana nkhope, chingagwire mtima wa aliyense amene anaperekezapo m'bale wake pa depoti. Alongo anu sananame, koma akuuzani theka la nkhani. Ine ndagwira ntchito yolumikiza mafoni ndi mawailesi kwa zaka zoposa 30, ndipo ndikuona kuti mwamanga mafunso awiri mtolo umodzi. Loyamba n'lakuti kodi munthu angaoneke ataima m'chipinda chimene iye mulibe. Lachiwiri n'lakuti kodi mawu ake angafike nthawi yomweyo kuchokera kutali chotero. Loyambalo ndi lovuta, koma akatswiri akulimbana nalo ndipo akusuntha. Lachiwirilo ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikufuna kukuonetsani kuti vutolo likhoza kukhala chuma cha buku lanu.

Tiyambe ndi chithunzicho. Mawu akuti hologram anachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza uthenga wathunthu. Amene anatulukira njira yake ndi Dennis Gabor, katswiri wobadwira ku Hungary amene ankagwira ntchito ku England, m'chaka cha 1947. Iye sankaganiza za anthu ocheza m'mlengalenga, ankafuna kuti makina oonera tinthu ting'onoting'ono aziona bwino. Ganizo lake linadikira kuwala koyenera, ndipo laser, chipangizo chotulutsa kuwala kwa mtundu umodzi kowongoka ngati chingwe, itapangidwa mu 1960, Emmett Leith ndi Juris Upatnieks a ku yunivesite ya Michigan anaonetsa mu 1964 chithunzi cha kasitima koseweretsa ana kooneka ngati ungakatole ndi dzanja. Gabor analandira mphoto ya Nobel mu 1971.

Kamera wamba imangosunga kuti apa pawala kwambiri, apa pachita mdima. Hologram imasunganso mmene mafunde a kuwala afikira, liti latsogola ndi liti latsalira. Amagawa kuwala kwa laser pawiri. Gawo lina limakamenya chinthu chimene akujambula n'kubwerera pagalasi, gawo lina limapita pagalasipo mwachindunji. Pokumana pake amapanga timizere tosaoneka ndi maso, ngati mmene mafunde amapingasirana mukaponya miyala iwiri padziwe. Mukadzawalitsanso galasilo, kuwala kumatuluka ngati kukuchokera pa chinthu chija, ndiye mukasuntha mutu mumaona mbali yake ina. Chodabwitsa n'chakuti galasilo mukaliswa pakati, chidutswa chilichonse chimaonetsabe chinthu chonse, kungoti mumakhala ngati mukusuzumira pazenera laling'ono.

Mawu akuti zenera ndi ofunika. Hologram yeniyeni mumaiona pokhapokha maso anu akuloza pagalasi lake. Siingadzuke pagalasipo n'kukaima pakati pa chipinda kuti anthu aizungulire. Chifukwa chake mukuchidziwa kale ngakhale simunachiganizirepo. M'nyumba ya denga la malata lobooka, dzuwa likalowa pa kabowo, mumaona mzere wa kuwala wochoka kudenga kufika pansi, koma mumauona chifukwa cha fumbi kapena utsi wa kukhitchini. Mpweya ukakhala woyera mzere uja umasowa, pamangotsala kadontho kowala pansi. Kuwala sikuima pakati panjira n'kukhotera m'maso mwanu popanda chokugunda. Kunja kwa chombo, kumene kulibe ngakhale mpweya, chithunzi choyandama sichingaoneke n'komwe.

Nanga zija timaona pa TV, woyimba amene anamwalira akuvina papulatifomu? Zambiri mwa zimenezo ndi luso lakale la galasi lopendekeka limene John Henry Pepper anatchuka nalo ku London mu 1862. Chithunzi chimakhala chobisika pansi, galasi n'kuchionetsa ngati chili kumbuyo kwake. Ndi mmene anaonetsera woyimba Tupac Shakur pa chikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku America mu 2012, patapita zaka zambiri atamwalira. Mukhoza kuyesa ndi ana a m'kalasi mwanu. Tengani kapulasitiki kolimba koonekera mkati, mukapendeketse pamwamba pa foni yogona chagada, mutseke mazenera, muyatse kanema wa chinthu chowala chimene kumbuyo kwake kuli kwakuda. Ndinachitapo zimenezi ndi adzukulu anga patebulo lodyera, ndipo wamng'ono anatambasula dzanja kuti agwire kansomba kamene kankasambira kumbuyo kwa pulasitiki. Dzanja linangodutsa, iye n'kundiyang'ana ndi maso ofunsa. Nkhope imeneyo muisunge, mudzaifuna polemba za mtsikana wanuyo.

Alipo amene akupanga zithunzi zoyandamadi m'malere. Mu 2018 Daniel Smalley ndi anzake a ku Brigham Young University anagwira kachitsotso kakang'ono kwambiri ndi kuwala kwa laser n'kumakayendetsa mothamanga uku akukawalitsa ndi mitundu yosiyanasiyana. Diso limaona mzere wathunthu, monga mwana akamazunguza chikuni chamoto usiku timaona mkombero wofiira pomwe khala lili limodzi. Mu 2019 a ku yunivesite ya Sussex anachita zofanana pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, amene ankanyamula kamkanda kopepuka. Zithunzi zake n'zazing'ono, zokwana pachikhatho kapena kuchepera apo, koma ukhoza kuzizungulira. Njira ina ndi ya magalasi ovala. Mu Okutobala 2021, Josef Schmid, dokotala wa NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, ali padziko lapansi anaonekera pa International Space Station, chombo chokhalamo anthu chimene chimazungulira dziko, ndipo Thomas Pesquet, mmodzi wa okhalamo, amene anavala magalasi a HoloLens anamuona ngati ali naye m'chombomo.

Ndikanakhala ine, ndikanasankha kabokosi ka galasi kotalika ngati chitseko, kokhala ndi nkhungu yopyapyala mkati. M'chombo simungamwaze fumbi paliponse, lingalowe m'mapapo a anthu ndi m'makina, ndiye n'zomveka kuti likhale lotsekeredwa. Mayi aziima m'kabokosimo, mwana akafuna kuwakhudza azikumana ndi galasi lozizira. Mbali imeneyi yatha, ndipo alongo anu sangaitsutse.

Tsopano za mtunda. Chimene chimayenda pakati pa dziko ndi chombo si chithunzicho ayi. Makamera amajambula mayi mbali zonse, kompyuta imasandutsa maonekedwe awo, kusuntha kwawo ndi mawu awo kukhala manambala, manambalawo amakwera pa mafunde a wailesi kapena pa laser, ndipo kompyuta ya kuchombo imamanganso chithunzi. Mafunde a wailesi ndi laser zonse zimayenda pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo palibe uthenga umene unapezekapo ukuyenda mothamanga kuposa apa. Padziko pano liwiro limeneli timaliona ngati nthawi yomweyo. Thambo ndi lalikulu moti kuwala komweko kumakhala ngati kukuyenda wapansi.

Ndinayamba kumva kuchedwaku ndi makutu anga pa mafoni akunja odzera pa setilaiti. Setilaiti yotero imakhala makilomita 35,786 pamwamba pathu. Mawu kukwera ndi kutsika amatenga pafupifupi kota ya sekondi, ndipo kuti yankho likupezeni pamadutsa theka la sekondi. N'kanthawi kochepa, koma ndinkamva anthu akulankhulirana pamwamba, wina akuti "halo" mnzake akuti "halo", onse n'kukhala chete nthawi imodzi, onse n'kuyambanso pamodzi. Mayi wina anabwera kudzadandaula kuti mwamuna wake wa kunja wasintha, akumayankha mokayika ngati akubisa kanthu. Mwamunayo sanasinthe, unali mtunda chabe. Ngati theka la sekondi lingadzetse chikayiko m'banja, ganizirani mphindi 20.

Ku mwezi, makilomita 384,400, uthenga umatenga sekondi imodzi ndi kachigawo, ndipo kucheza kumatheka bola kudikirana. Ku Mars zimatengera pamene mapulaneti awiriwa ali pozungulira dzuwa: akayandikana ndi mphindi 3, akatalikirana zimafika mphindi 22, ulendo umodzi wokha. Mayi akafunsa kuti "wadya kale?", yankho likhoza kuwapeza patatha mphindi 44. Pamene galimoto ya Curiosity inkatera pa Mars mu Ogasiti 2012, kutera konse kunatenga mphindi 7 pomwe uthenga unkatenga mphindi 14. Akatswiri ankamva kuti chombo chayamba kutsika pomwe zonse zinali zitatha kale, kaya bwino kaya moipa, ndipo panalibe chimene akanachita. Pakadutsa miyezi pafupifupi 26 iliyonse, dzuwa limakhala pakati pa dziko ndi Mars n'kusokoneza mafunde, moti NASA imasiya kutumiza malamulo kwa milungu pafupifupi iwiri. Kutsogoloko, Voyager 1, chombo chimene chinanyamuka mu Sepitembala 1977, chili kutali moti uthenga wake umatenga maola oposa 23. Chombo chimenechi chinanyamula chimbale chokhala ndi moni m'zinenero 55, ndipo chimodzi mwa izo ndi Chinyanja, kotero chinenero chimene mukulembera buku lanu chinatsogola kale panjira imene mtsikana wanuyo akuyenda. Koma ngakhale Voyager sanapite patali tikayerekeza ndi nyenyezi. Yapafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, kuwala kwake kumatenga zaka 4.2. Funso ndi yankho lake ndi zaka zoposa 8.

Palinso vuto la kufooka kwa uthenga. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imene imafika imatsika kanayi, monga tochi imene pafupi imathobwa m'maso koma kutsidya kwa dambo imangooneka ngati chiphaniphani. Wailesi ya Voyager ili ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 23, yosafika pa babu lakale la m'nyumba, ndipo kuti aimve amagwiritsa ntchito madishi akuluakulu a Deep Space Network ku Goldstone, Madrid ndi Canberra, ena otambalala mamita 70. Imatumiza ma bit 160 pa sekondi, ndipo bit ndi kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga wa pakompyuta. Pa liwiro limenelo chithunzi chimodzi cha pafoni cha 2 MB chingatenge maola pafupifupi 28 kuti chimalize kulowa. Chombo cha New Horizons chitadutsa pafupi ndi kapulaneti ka Pluto mu Julayi 2015, panatenga miyezi yoposa 15 kuti zonse zimene chinajambula zifike. Hologram ya munthu woyenda ndi kulankhula imafuna manambala ochuluka kuposa kanema wamba, ndiye pa wailesi yotere iwalani.

Apa laser ikuthandiza. Mu Disembala 2023 chombo cha Psyche chili makilomita 31 miliyoni kuchokera kuno chinatumiza kanema wa masekondi 15 wa mphaka wotchedwa Taters, pa liwiro la ma bit 267 miliyoni pa sekondi. Liwiro limenelo n'loposa intaneti ya m'nyumba zambiri. Komabe kanemayo anatenga masekondi 101 panjira. Onetsetsani bwino pamenepa: laser imakulitsa msewu kuti padutse katundu wambiri, koma siifupikitsa ulendo. Ndipo kuwala kwake n'kopyapyala moti woloza amayenera kuloza pamene dziko lidzakhale uthengawo ukamafika, monga mnyamata wa legeni amaloza patsogolo pa mbalame youluka. Mitambo ikaphimba malo olandirira, uthenga umatsekeka. Zonsezi ndi zinthu zimene zingalakwike m'nkhani yanu pa nthawi imene mtsikanayo akufunitsitsa kumva mawu a kwawo.

Ndiye mutani ndi mitu 9 ija? Njira imene ndikuikonda kwambiri ndi yolola kuchedwako kukula limodzi ndi buku. M'mitu yoyambirira mtsikana ali pafupi ndi dziko kapena ku mwezi, ndipo amacheza ndi mayi ake monga mwalembera, kungowonjezera kadikiridwe kakang'ono. Chombo chikamapita, kadikiridweko kamakula: masekondi 10, mphindi imodzi, mphindi 5. Tsiku lina onse awiri amazindikira kuti kucheza kwatha, chatsala n'kutumizirana. Mayi amaima pamakamera n'kulankhula okha kwa mphindi 10, mwana amawaonera mawa lake. Pofika kumapeto, uthenga umene ukufika unajambulidwa zaka zitatu zapitazo, ndipo mwanayo akuona mayi amene sali choncho lero.

Ife zimenezi si zachilendo. Ndili mwana, amalume anga anali ku migodi ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo kalata ikabwera ndine ndinkawawerengera agogo. Ankakhala pamphasa atatambalala miyendo, ine nditakhala pambali, ndipo ndikafika pa mawu akuti "ine kuno ndili bwino" ankandiuza kuti ndibwereze. Kenako ankafunsa kuti kalatayo inalembedwa liti. Ndikawauza tsiku, ankawerenga ndi zala milungu imene yadutsa, n'kunena chapansipansi kuti anali bwino nthawi imeneyo. Agogo sanapite kusukulu koma ankadziwa chimene akatswiri a ku Mars amadziwa, kuti uthenga wochokera kutali umanena za dzulo. Kalata zina zinkasemphana panjira, ya kuno yonena za maliro ndi ya uko yopereka moni kwa munthu amene waikidwa kale. Owerenga anu ambiri ali ndi nkhani yotere m'banja mwawo. Mukaiveka hologram adzaizindikira msanga.

Njira yachiwiri ndi imene ingapulumutse macheza anu onse osasintha liwu, ndipo ndi yoopsa mokoma. Popeza kutumiza chithunzi chonse n'kodula, n'zomveka kuti chombo chinyamuke chitasunga kale maonekedwe a mayi, mawu awo, kaseka kawo ndi nkhani zimene amakonda kukamba. Kuchokera kudziko kuzingobwera zatsopano zochepa: mvula yagwa liti, ndani wakwatiwa, bondo likupweteka bwanji. Kompyuta ya m'chombo izitenga zimenezo n'kumayankha m'malo mwa mayi, nthawi yomweyo, ndi nkhope yawo. Mtsikana azicheza madzulo alionse monga mwalembera. Makompyuta otsanzira nkhope ndi mawu a munthu alipo kale lero, ndiye palibe katswiri angakutsutseni. Koma funso limene lidzavutitsa owerenga ndi limene liyenera kukuvutitsani inunso: akulankhula ndi ndani? Mayi enieni sanamve zimene mwana waulula usiku uno, adzazimva patapita zaka, ngati adzakhale alipo. Chithunzicho chikhoza kukhululukira chinthu chimene mayi enieni sakanakhululuka, kapena kuvomereza ukwati umene iwo akanakana. Ndipo tsiku limene uthenga wa maliro udzafike, kabokosi kadzayakabe madzulo ake, mayi n'kufunsa kuti "wadya kale?" Mtsikanayo azimitsa kapena ayankha? Sindikuyankhirani, bukulo ndi lanu, koma ndikanakonda kuwerenga mutu umenewo.

Njira yachitatu ndi ya amtengamakalata. Ngati m'dziko la nkhani yanu zombo zili ndi njira yachidule yodutsira thambo, uthenga ukhoza kukwera chombo ngati thumba la makalata, n'kumafika pa masiku oikika. Akatswiri analembapo za njira zachidulezi pamapepala, kuyambira Albert Einstein ndi Nathan Rosen mu 1935 mpaka Michael Morris ndi Kip Thorne mu 1988, koma palibe anaionapo. Ubwino wake m'nkhani ndi wakuti makalata akhoza kubedwa, kuchedwetsedwa kapena kutsegulidwa panjira.

Njira yachinayi ndi yongonena kuti m'dziko lanu anatulukira chipangizo chofikitsa uthenga nthawi yomweyo, basi. Si tchimo. Ursula K. Le Guin anachita zimenezo mu 1966 n'kuchipatsa dzina lakuti ansible, ndipo alembi ambiri anabwereka dzinalo pambuyo pake. Owerenga nkhani zotere amalola bodza limodzi lalikulu ngati mwalinena poyera kumayambiriro ndipo simukulisintha pakati. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musachifotokoze ndi sayansi yolakwika. Ambiri amathamangira ku quantum entanglement, kulumikizana kwa tinthu tiwiri ting'onoting'ono kumene kumapitirira ngakhale titatalikirana. Kulumikizanako n'koona. Alain Aspect, John Clauser ndi Anton Zeilinger analandira Nobel mu 2022 chifukwa cha kafukufuku wake, ndipo setilaiti ya China yotchedwa Micius inakuonetsa pa mtunda wa makilomita 1,200 mu 2017. Koma sikunyamula uthenga. Zili ngati inu ndi alongo anu muli ndi ndalama zachitsulo ziwiri zimene zikaponyedwa zimagwa mogwirizana nthawi zonse. Inu simungalamule kuti yanu igwere mbali iti, ndiye alongo anu akaponya yawo amangoona zotsatira zamwayi, sadziwa n'komwe ngati inu mwaponya. Kugwirizanako kumaoneka pokhapokha mutayerekeza zimene mwalemba, ndipo kuti muyerekeze mufunika kalata wamba yoyenda pa liwiro la kuwala. Wowerenga wodziwa akaona mawu amenewa m'buku lanu adzasiya kukukhulupirirani. Kuli bwino kuchipatsa chipangizocho dzina lanulanu lachichewa n'kusiya mkati mwake mosatsegula.

Dziwaninso kuti uthenga woposa kuwala uli ndi mchira wautali. Malinga ndi zimene Einstein anaonetsa mu 1905, anthu awiri amene akuyenda pa liwiro losiyana kwambiri sagwirizana kuti "nthawi yomweyo" ndi iti. Zotsatira zake n'zakuti ndi zipangizo ziwiri zotero, pa zombo zothamanga, munthu akhoza kulandira yankho asanatumize funso. Alembi ambiri amangozilambalala, ndipo inunso mukhoza kutero. Koma ngati chombo cha mtsikana wanu chikuthamanga kuyandikira liwiro la kuwala, nthawi yake iziyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi ya kudziko, moti mayi azikalamba msanga kuposa mmene mwana akuwerengera masiku. Mukasankha chombo chothamanga chotero, macheza a madzulo alionse afunika muwaganizirenso, chifukwa madzulo a mayi ndi a mwana sadzakhala ofanana kuchuluka.

Pa njira iliyonse imene mungasankhe, ngozi yaikulu imene ndimaiona m'zolemba za oyamba kumene ndi chipangizo chopanda mtengo. Chimagwira ntchito wolemba akafuna, chimafa wolemba akafuna kuti munthu asapemphe thandizo. Wowerenga amaona dzanja lanu. Tengani pepala limodzi mulembe malamulo a chipangizocho musanapitirize mutu wa 10: chimadya magetsi ochuluka bwanji poyerekeza ndi zina za m'chombo, ndani amalipira, munthu amapatsidwa mphindi zingati pa mlungu, ndani ali ndi mphamvu yomvetsera kapena kudula. Amene tinakulira nthawi yoima pamzere kudikira foni ya papositi tikudziwa kuti mphindi zitatu zolipira zimasintha kalankhulidwe ka munthu. Moni amafupika, nkhani yofunika imanenedwa kumapeto mothamanga, ndipo imene inali yofunika koposa imakumbukiridwa foni itadulidwa. Mtsikana wogwira ntchito wamba m'chombo sangapatsidwe nthawi yofanana ndi woyendetsa chombo, ndipo pamenepo pali nkhani inanso.

Ganiziraninso zachinyengo. Ngati kompyuta ingamange nkhope ya mayi, munthu woipa angaimangenso. Banja lanzeru lingakhale ndi chizindikiro chake, mwina dzina la paubwana limene palibe analilembapo, kapena nyimbo yotonthozera mwana imene mayi amaiphonya mawu pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ndipo musaiwale mbali ya mayi. Iwo akuona chiyani? Ngati nawonso ali ndi kabokosi, ali nako kunyumba kapena amayenda ulendo kukafika kumene kuli? Amavala chitenje chiti tsiku lojambulitsa? Mayi amene akudwala adzayesetsa kuima mowongoka pamakamera kuti mwana asadandaule, ndipo hologram, popeza imaonetsa mbali zonse, idzaonetsanso dzanja limene lagwirira mpando kumbuyo.

Za mmene kuchedwaku kumakhudzira mtima, anthu anayesapo pansi pompano. Ku Moscow amuna 6 anatsekeredwa masiku 520, kuyambira 2010 mpaka 2011, poyerekeza ulendo wa ku Mars, ndipo mauthenga awo ankachedwetsedwa dala. Ku Houston anthu 4 anakhala masiku 378 m'nyumba yotero kuyambira 2023 mpaka 2024. Inunso mukhoza kuyesa pang'ono. Gwirizanani ndi alongo anu kuti Loweruka lina muzilankhulana pa WhatsApp ndi mawu ojambula okha, ndipo aliyense asatsegule uthenga mpaka patadutsa mphindi 20. Kambiranani nkhani yeniyeni ya pabanja, yofuna chigamulo. Muone mmene mudzayambire kuyankha mafunso amene sanafunsidwe, kulongedza nkhani zitatu mu uthenga umodzi, ndi kudandaula ndi mawu amene mwatumiza kale koma simungawabweze. Lembani zonse zimene mwamva m'thupi podikira.

Pa masamu, musadzivutitse nokha. Ngati chombo chanu chikuyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi kuwala, kuwerengera n'kosavuta: mtunda m'makilomita kugawa ndi 300,000 kukupatsani masekondi, ndipo alongo anu akhoza kukupangirani tebulo la mutu uliwonse madzulo amodzi. Apatseni ntchito imeneyo, wotsutsa amasanduka mnzako ukamupatsa khasu. Koma mukafuna chombo choyandikira liwiro la kuwala, kapena mukafuna kuti msinkhu wa mayi ndi wa mwana ugwirizane ndi zaka za ulendo, pamenepo pitani kwa wodziwa physics. Muli ku Zomba komweko kumene kuli University of Malawi, ndipo funso lolembedwa bwino pa tsamba limodzi, lokhala ndi mtunda, liwiro ndi zaka zimene mukufuna, mphunzitsi wa phunziroli kapena wophunzira wa chaka chomaliza akhoza kuliyankha mosavuta. Mukamaliza kukonza, mupereke mitu iwiri kwa munthu wosadziwa sayansi n'komwe, mumufunse kuti akuuzeni malamulo a chipangizocho mmene wawamvera. Akalephera kuwanena, ndiye kuti sanamveke m'nkhanimo, ndipo mubwererenso.

Mukayesa za Loweruka zija mundilembere, mundiuze njira imene mwasankha ndi mutu umene mayi ayambire kuchedwa kuyankha. Mukasankha yachiwiri ija, munditumizireko mutu wa tsiku limene uthenga wa kumudzi wafika.